Chitsulo Choitanira Alendo

Anita ananyamuka pa siteshoni dzuwa litalowa kale, ndipo mlandu wonse unali wa mzungu wina wokonda mbalame. Anzake anali atakwera minibasi, dalaivala akuliza hutala, koma mkuluyo anali chiimire kuseri kwa thanki yakale ya madzi, kamera ili pamphuno, kudikira kuti kambalame kena katembenuke. Kambalameko nako kanali ndi mwano, kanangomupatsa msana. Mmene amakwera galimoto n'kuti kumadzulo kutangotsala kufiira pang'ono.

Siteshoni imeneyi ili kwa Mlolo, ndipo sitima inaleka kufikako. Madzi osefukira anadula njanji, kwina n'kuipinda ngati waya, kwina n'kuikwirira. Achinyamata a m'deralo ataona kuti nyumba ya siteshoni ikusanduka khola la mbuzi, anaisesa, anaipaka laimu, n'kuyamba kuitana alendo. Mlendo amabwera pa galimoto mpaka pa siteshoni, ndipo galimoto imathera pomwepo. Kuchoka apo ndi wapansi basi: kutsata njanji, kudutsa m'minda ya mpunga, kukafika kudambo kumene kuli mbalame ndi asodzi, kudya nsomba yootcha kwa amayi a m'mudzi, n'kubwerera. Lamulo lawo linali lakuti mlendo sathyola nthambi, sataya pepala, ndipo sasiyidwa m'mbuyo. Anita ndiye ankatsogolera, poti pakamwa pake sipankatopa. Chingerezi chinali cha alendo, Chisena cha asodzi, Chichewa cha aliyense wofuna kukangana naye.

"Kwada, achemwali," anatero Thom, mnzake wa m'gululo, akukhoma chitseko cha siteshoni. "Kagoneni kwa azakhali anga, mupita mawa."

"Amayi ndawasiya ndi a Leah oyandikana nafe aja, ndipo nawonso ali ndi ana awo. Ndidzera pamchenga, si patali."

Thom anangopukusa mutu n'kukwera njinga yake. Ankadziwa kuti Anita akanena wanena.

A Clotilda, mayi ake a Anita, anali chigonere kuyambira nyengo yozizira. Imfa sankaiopa ayi, ankainena ngati mmene munthu amanenera za ulendo wa ku Bangula. Chimene chinkawasowetsa tulo chinali chakuti akagona pati. Mwamuna wawo, a Lorenso, anaikidwa m'manda a mudzi wakale Anita akadali wa kumsana. Ndiye chaka cha madzi aakulu chija, mtsinje unadzera pakati pa mudzi, ndipo madzi ataphwa panalibe nyumba, panalibe manda, panalibe ngakhale mtengo umodzi wolozera. Unali mchenga wokhawokha, mbuu, mpaka kumene maso alekeza. Anthu anasamukira kumtunda n'kutsegula manda atsopano, ndipo alamu awo a Clotilda anali atanena kale kuti nthawi ikadzakwana adzawaika kumeneko.

"Ine anandilowola kuti ndikhale pambali pa munthu uja," ankatero a Clotilda. "Mukakandiika kwina, ndiye kuti mwandisudzula ndinu."

Anita anawalonjeza kuti mandawo awapeza. Anapita ndi madoda a m'mudzi, iwo akuyeza kuchokera kumtsinje monga ankakumbukira, akubaya mchenga ndi nsungwi. Uyu ankati panali apa, uyo ankati ayi panali apo, mpaka anakangana n'kubwerako chimanjamanja. Lonjezo lija linkamulemera mtsikanayu, makamaka tsopano pamene mawu a mayi ake anayamba kuchepa. Ankawakonda mayi akewo, ndipo ankaopa kuti adzatseka maso ali ndi chidandaulo.

Ulendo unayamba bwino. Anatsata njanji monga amachitira ndi alendo, akudumpha pamene panagumuka, akuwomba udzudzu m'miyendo. Kutali kudambo mvuu inadzuma. Achule anali pa msonkhano wawo wa masiku onse, aliyense kulankhula, womvera palibe. Zonsezi zinali zakwawo, sizikanamuopsa. Atafika pamene njanji imalowa pansi pa mchenga, anayamba kufunafuna miyala yopaka laimu imene a m'gulu lawo anaindandalika kuti izisonyeza njira.

Miyala ija sinaoneke. Mwera unali utawomba madzulo onse, ndipo mchenga ukafuna kubisa chinthu suchedwa. Foni nayo inali itathima kalekale, batire litathera kujambula alendo amene aliyense ankafuna chithunzi chake ali m'bwato.

Anayenda. Anayendabe. Mwezi unali usanatuluke. Achule aja anayamba kumveka kumanzere, kenaka kumanja, kenaka kumbuyo. Kenaka... zii.

Anaima. Anayesa nyimbo ya kwaya, koma anailekeza panjira. Anaponya phazi. Anaponya lina. Khu! Msongolo unagunda chinthu cholimba.

Ululu umenewo anaulandira ndi manja awiri, poti chinthucho ankachidziwa. Chinali chitsulo chawo choitanira alendo. Pakati pa mchengapo panali chidutswa cha njanji chotulukira m'mwamba, cholekeza m'bondo, chopendekeka pang'ono. Kuderali zitsulo za njanji zili mbwee paliponse, madzi anazimwaza, moti palibe amene anadabwa nacho. A m'gululo anamanga chisakasa pambali pake kuti alendo azipumulirapo, ndipo Anita ankachimenya ndi mwala poitana amene abalalika ndi makamera awo. Chinkalira bwino kuposa belu la kusukulu, moti alendo ankachita kulimbirana kuti nawonso amenyeko.

Anapapasa pansi n'kuupeza mwala wake. Mwina msodzi wina wochedwa amva, anaganiza choncho. Anamenya.

Ngwee... ngwee... ngwee.

Anatchera khutu. Palibe.

Kenaka chapafupi, pansi penipeni pa mchenga, chinachake chinayankha. Go... go... go.

Mwala unagwa m'manja.

"Mwadokerwa, mayi."

Unali moni wa madzulo wa Chisena, wofatsa, wochokera kumbuyo kwake. Anita anatembenuka. Panali bambo wamfupi, wovala chikhoti cha kaki, nyali kumanja, nyundo yaitali paphewa. Phewa lakumanzerelo linali lotsika, ngati nyundoyo inalipinda chifukwa choisenza nthawi yaitali. Nkhope sinkaoneka bwino. Ankanunkha girizi ndi fodya wa chingambwe.

Anita anapumira m'mwamba. Anati uyu ndi mlonda, mwa aja amalondera njanji kuti akuba asazule zitsulo.

"Ndasokera, bambo. Ndikupita kumtunda, kumudzi watsopano."

"Mwagogoda, ndatuluka," anatero bamboyo. "Mumagogoda masana, koma masana ndimakhala nditagona. Bweretsani chikwamacho, ndikuperekezeni."

Kwathu kuno mlendo sumutsanzikira pakhomo. Umamunyamulira katundu, n'kuyenda naye mpaka pamene malo ako athera, ndipo iye kukana ndi mwano. Anita amene, yemwe tsiku lililonse ankafotokozera azungu mwambo umenewu mphuno ili m'mwamba, akanakana bwanji? Anavula chikwama n'kupereka.

Bamboyo anatsogola. Sankafunafuna miyala ngati iye. Ankayenda pang'ono, n'kutsitsa nyundo pamchenga, go, ndipo pansi pakepo njanji yokwiririka inkayankha. Ankapendeketsa mutu n'kumvetsera, ngati mayi womvetsera kupuma kwa mwana, kenaka n'kupitirira. Anita anatsatira pambuyo, akudabwa kuti munthu angaidziwe bwanji njanji imene maso sakuiona.

"Alendo anu aja ndi anthu abwino," anatero bamboyo osatembenuka. "Amandikhalira pachifuwa, koma salemera. Wamtali wa mbalame uja ndiye amapondaponda."

Anita anaseka pang'ono mwaulemu, monga umasekera nthabwala ya munthu wamkulu imene sunaimvetse.

"Musaleke kubwera nawo. Kunali zii kuno. Tsopano ndimamvako kuseka, ndi mawu anu muli kalikiliki kuwanamiza mayina a mbalame."

"Sindiwanamiza ine, bambo."

"Pang'ono," anatero bamboyo, ndipo mapewa ake anagwedezeka ngati akuseka.

Anayendabe. Ndi pamenepo Anita anazindikira kuti udzudzu wamuleka. Kuno kuchigwa udzudzu suleka munthu, ngakhale m'tchalitchi umakulondola. Koma tsopano panalibe ndi mmodzi yemwe. Kunayamba kuzizira, kuzizira kwa m'mamawa kudambo, chonsecho mchenga unali ukadali wofunda kumapazi.

Anayang'ana nyali ija. Inkayaka, inde. Koma pansi pake panali bii. Sinkaunikira mchenga, sinkaunikira mwendo wa mwini wake, inkangoyaka yokha.

Anamvetsera mapazi. Tseche, tseche, tseche. Anali ake. Ake okha.

Mwezi unatuluka kumbuyo kwawo, waukulu, wofiirira. Zithunzithunzi zinagwa patsogolo. Anita anaona chake, chachitali, chikunjenjemera. Patsogolo pake anaona cha chikwama chake, chikuyenda m'malere, chikugwedera uku ndi uku.

Pansi pa chikwamacho... panalibe kanthu!

Anafuna kuthawa, koma athawire kuti? Njira ankaidziwa ndi yemweyo. Ndipo m'chikwamamo munali mankhwala a mayi ake, amene anakatenga kuchipatala m'mawa alendo asanafike. Sakanawasiya, olo zitavuta bwanji. Anagwira chitenje chake zolimba n'kuyamba pemphero la Atate Athu chamumtima, milomo yokha ikugwedera.

"Pempherani mokweza, mayi," anatero bamboyo. "Nanenso ndimalikonda limenelo."

Anita anakweza mawu. Anatuluka ngati a mwanapiye. Bamboyo ankang'ung'udza nawo chapansipansi, nyundo ikugunda nthawi yake, go... go... ndipo pofika pa Amen anayankhira limodzi. Chodabwitsa, mantha aja sanathe, koma anasendera n'kupatsa malo chinthu china. Msana wopendekeka unali patsogolo pakewo unkamukhazika mtima pansi. Anadzipeza akufupikitsa mtunda, akuyenda pafupi nawo ngati mwana wopita kumsika.

Kutsogolo galu anauwa. Kenaka kunaoneka kagetsi ka sola ka pa golosale ya m'mudzi watsopano. Mchenga unayamba kuchepa, udzu unayamba kukwawa m'miyendo. Pamene mchenga unathera ndendende, bamboyo anaima. Zala za kumapazi sizinadutse.

"Ine ndibwerere pano. Kwanga kwathera apa."

Anatula chikwama n'kupereka ndi manja awiri. Chinali chozizira ngati achivuula mumtsinje.

"Takhuta," anathokoza Anita m'Chisena.

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhope inali isakuonekabe, koma Anita anamva kuti akuyang'anidwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira. Atalankhulanso, ulemu wa "inu" uja anali atausiya.

"Wakula, mwananga. Pakamwa ndi pa mayi ako." Anasuntha nyundo paphewa. "Ukawauze kuti kumanzere kwanga malo alipo. Ndinawasungira, sindinalole munthu. Koma asafulumire. Ine sindikupita kulikonse."

Anita anawerama kuti akoleke chikwama. Atadzutsa mutu...

Palibe munthu. Palibe nyali. Mwezi unali mbee pamchenga, ndipo pamchengapo panali mzere umodzi wokha wa mapazi. Kutali, kutali, kunamveka go... go... kenaka achule anayambiranso.

Liwiro lake usiku umenewo, ngakhale agalu a m'mudzi anangomuyang'ana osamuthamangitsa.

Kunyumba anapeza a Leah akusinza pamphasa, ndipo atamuona anadzuka, anatsanzika n'kupita kwa ana awo. Koloboyi anali akuyaka pakona. Pafupi ndi bedi panali mbale ya phala la mchewere, lozizira, supuni ili chiimire pakati. A Clotilda anali maso, ochepa ngati mwana pansi pa bulangete.

Anita anatsimikiza mtima kuti sanena kanthu. Munthu wodwala sumubweretsera za mizimu. Anagwada pafupi ndi bedi n'kuyamba kutsegula chikwama kuti atulutse mankhwala.

"Wachedwa," anatero a Clotilda. Kenaka mphuno yawo inagwedera. "Bweretsa kuno chikwamacho."

"Amayi, ndi mankhwala chabe."

"Ndati bweretsa."

Anachikoka ndi manja oonda aja, n'kuika lamba wake pamphuno. Ananunkhiza. Anatseka maso. Ananunkhizanso.

"Wakumana naye kuti?"

Apo Anita analephera kudzigwira. Zonse zinakhuthuka: kusokera kuja, chitsulo chija, nyali yosaunikira, chikwama choyenda chokha. A Clotilda ankamvetsera lamba ali chigwirire.

"Wamfupi?"

"Inde."

"Phewa lamanzere lotsika, ngati chitseko chothyoka hinjesi?"

"Inde, Amayi."

"Ndinkamuuza kuti azisinthasintha mapewa. Samamva munthu ameneyo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya bulangete. "Ndi bambo ako, mwanawe. Ndi Lorenso. Ankayendera njanji imeneyo ndi nyundo, kumvetsera ngati pali polekana. Tinamuika iwe usanayambe n'kuyenda komwe."

Anita anakhala pansi mwadzidzidzi. Ankadziwa kuti bambo ake ankagwira ntchito kunjanji, koma amuna theka a mudzi wakale ankagwira komweko, ndipo chithunzi chawo chimodzi chokha chinapita ndi madzi.

"Chitsulo chako chija chili pati?" anafunsa a Clotilda.

"Pakati pa mchenga, pamene tinamanga chisakasa."

"Anzake a kuntchito anakana mtanda wa mtengo, ankati chiswe chidya. Anadula njanji yakale n'kuimika kumutu kwa manda a bambo ako, yaitali kuposa munthu. Iwe sukanadziwa, kumanda ana sapitako. Ine ndinkati madzi anapita nayo."

"Imalekeza m'bondo, Amayi."

"Ndiye mchengawo ndi wambiri. Nanga madoda aja ankabaya kuti?"

"Ankayeza kuchokera kumtsinje."

"Mtsinje wake uti, woti unasamuka?"

Anita anagwira pakamwa. Manyazi anamugwira, otentha, kuyambira m'khosi mpaka kumaso.

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikuwamenya kumutu ndi mwala. Ndi alendo kukhala pamwamba pawo, kumadya nthochi."

A Clotilda anaseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, Anita n'kuwadzutsa, kuwasisita pamsana, iwo akusekabe misozi ili chuchuchu. Panali patapita miyezi mwana wawoyo asanamve kuseka kumeneko.

"Usadandaule. Munthu ameneyo ankakonda alendo kuposa mkazi wake. Sitima ikachedwa ankabwera nawo kunyumba, anthu osawadziwa, ine ndizivutika ndi kuphika. Chisakasacho mungochisendeza pang'ono, koma musamuchotsere anthu ake." Anapuma, n'kuyang'ana kukhoma. Anafunsa motsitsa, ngati mtsikana. "Za ine sananene?"

Anita anawagwira dzanja n'kubwereza mawu aja monga anawamvera, osachotsa, osawonjeza. Kumanzere malo alipo. Anawasungira. Sanalole munthu. Koma asafulumire.

A Clotilda anafinya dzanja la Anita.

"Kumanzere," anatero. "Nanga ine ndinkagona kuti?"

Analira pamenepo, osabisa, kulira kwa munthu amene watula katundu, ndipo Anita analira nawo mutu uli pamiyendo yawo. Atatonthola, a Clotilda anamina, anakonza duku lawo, ndipo mawu awo anabwerera m'malo mwake.

"Mawa m'mawa ukaitane alamu anga. Atenge makasu, ukawasonyeze, afukule aone okha, asamadzati nkhalamba yabwebweta. Ndipo uwauze kuti nkhani ya manda atsopano ithere pomwepo."

"Ndikawauza, Amayi."

"Bambo ako ali moyo ankandifulumizitsa pa chilichonse, kutchalitchi, kumunda, ngakhale posamba. Lero ndiye wadziwa kudikira." Analoza mbale ija ndi chibwano. "Kanditenthetsere phalalo. Wati ndisafulumire."